Munthu wa Mzuli Woyera M'chithunzi cha Alamu Anga

1

Dzina langa ndine Thokozile. Ngati munafikapo pa chipatala china mu Lilongwe muno n'kupeza mayi wamfupi wamagalasi atakhala pamphasa ndi odwala, mapepala ndi chekeni zili mbwee, ndiye kuti munandionapo. Ntchito yanga ndi yothandiza anthu osweka mtima kuti atulutse zakukhosi pojambula, pamene pakamwa pakana. Anthu amandiyamikira, ena mpaka amati ndili ndi mtima wa golide. Ndikamva zimenezi ndimangoyang'ana pansi, chifukwa ntchitoyi ndinaipeza popasula banja la achimwene anga ndi kupaka matope mayi wosalakwa.

Kwathu ndi ku Tsangano, kumtunda kozizira kumene mwana amadziwa kukumba kachewere asanadziwe kulemba dzina lake. M'chaka cha 2011 ndinali mphunzitsi wa sitandade 3 pa sukulu ya kwathu komweko. Ndinkajambula bwino, ndipo ndinkadziwa kuti ndimajambula bwino, lomwe ndi vuto lalikulu kuposa kusadziwa. Chaka chimenecho bungwe lina linatitengera aphunzitsi angapo ku Lilongwe kwa sabata imodzi, kukatiphunzitsa mmene zojambula zingathandizire ana amasiye kupepukidwa mumtima. Ndinabwerako ndi kabuku kamodzi ka Chingerezi, bokosi la chekeni, ndi mutu waukulu ngati dzungu. Anzanga anaiwala zonse atangotsika basi, koma ine ndinalumbira kuti choko ndidzachisiya, ntchito yanga idzakhala imeneyi.

2

Ndili ku Lilongwe komweko, kunyumba kunagwa zovuta. Achimwene anga a Dyton anali atapita ku Limbe ndi lole ya kachewere. Akazi awo, alamu anga a Lufina, omwe tinkakhala nawo pachitengwa, anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Tsiku limenelo anapita okha kuchigayo, ndipo matenda anawayamba ali panjira. Amene anawatola ndi a Nasoro, eni golosale pamsika, omwe anali ndi kapikapu koyera kachitseko chimodzi chobiriwira. Anawathamangitsira kuchipatala, koma mwana sanakhale.

Kwathu mwana wotero timati mtayo. Amakaikidwa ndi azimayi akuluakulu okhaokha, popanda bokosi, popanda nyimbo. Saliridwa, sapatsidwa dzina, ndipo mayi wake amalangizidwa kuti aumitse mtima kuopa kutseka njira ya ana ena. Alamu anamvera malangizo onse mpaka kupitirira. Sanalire, komanso anasiya kuyankhula. Ankaphika, ankasesa, ankapita kudimba, koma ukawapatsa moni ankangogwedeza mutu.

"Iwe wapita kusukulu, tawayesa," anatero amayi tsiku lina. "Ife tapemphera mpaka maondo achita zikang'a."

Ine ndinkangodikira mawu omwewo. Loweruka masana ndinayala mphasa kuseri kwa nkhokwe n'kuika mapepala ndi chekeni patsogolo pa alamu.

"Alamu, musavutike n'kuyankhula," ndinatero. "Jambulani chilichonse chimene chili mumtima. Zimene mujambule ndi zanu. Palibe adzazione, ndi ine ndekha."

Mawu amenewa ndinawaloweza ku Lilongwe, ndipo ndinawanena mokoma kwambiri.

3

Masabata awiri oyamba ankangokhwatcha mizere yakuda mpaka pepala kubooka. Sabata yachitatu anatola chekeni chobiriwira. Anajambula msewu, mitengo ya bulugama, ndi galimoto yoima pambali pa msewu, chitseko chimodzi chobiriwira. Pafupi ndi galimotoyo anajambula mwamuna wamkulu wodzaza theka la pepala, atavala mzuli woyera kumutu, atanyamula khanda lokulungidwa m'nsalu yoyera. Pakona anaika kamzimayi kakang'ono ngati nyerere.

Loweruka lotsatira anajambulanso chomwecho. Linalo, chomwechonso. Achimwene anga sanaonekemo ngakhale kamodzi. Tsiku lina, akupaka mzuli uja, misozi inayamba kugwera papepala, kenaka analira kulira kwenikweni, kwa nthawi yoyamba chichitikireni zovuta zija. Atatha anati, "Zikomo alamu." Anali mawu awo oyamba m'miyezi itatu.

Mukuganiza kuti ndinawafunsa kuti chithunzicho chikunena chiyani? Ayi ndithu. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Kabuku kanga kanali ndi tsamba lonena kuti chimene munthu wajambula chachikulu ndicho chadzaza mtima wake. Komanso ndinakulira m'mudzi momwe amati mzimayi akavutika pochira ndiye kuti pali mwamuna amene sanamuulule. Ndinaphatikiza nzeru za m'kabuku ndi manong'onong'o a kuchitsime, ndipo ndinapeza yankho langa. Mwamuna wanyamula mwana, mwini nyumba palibe. Ndiye bambo wa mwanayo ndani? Ndinadzimva wanzeru kwambiri.

Mwezi womwewo kunabwera kalata yochokera ku bungwe lija. Sukulu ina ya ku South Africa inkafuna kuphunzitsa Mmalawi mmodzi ntchito imeneyi kwa zaka ziwiri, zonse zolipiriridwa. Ofuna mwayiwu ankayenera kulemba nkhani ya munthu mmodzi amene anamuthandizapo, n'kuphatikizapo chithunzi chimene munthuyo anajambula. Ndinali ndi ana asukulu ambiri amene ndikanalemba za iwo makolo awo atalola. Koma nkhani zawo zinali za njala ndi kusowa yunifomu. Ine ndinkafuna nkhani yoti azungu akawerenga aimike tiyi.

Ndinalemba masamba asanu ndi limodzi. Alamu ndinawatcha Mayi X. Ndinafotokoza mwaluso kuti mayiyu akuzunzika ndi chikumbumtima chifukwa mwana amene anatayika anali wa mwamuna wa m'chithunzi. Ndinalemba ngati kuti anachita kundiuza okha.

4

Sukuluyo inkafuna zotayipa, ndipo pa Tsangano panali malo amodzi okha okhala ndi kompyuta ndi makina a fotokope. Wotayipa anali Selestina, mnzanga wa ku sekondale, mtsikana wa zala zofulumira ndi lilime lofulumira kuposa zalazo.

"Ubwere mawa," anatero. "Magetsi akuvutavuta."

Ndinamusiyira mapepala onse pamodzi ndi chithunzi. M'mutu mwanga, poti dzina ndasintha, chinsinsi chinali chotetezeka. Umu ndi mmene anatiphunzitsira ku Lilongwe, kumene anthu sadziwana. Sindinaganize kuti pa Tsangano galimoto ya chitseko chimodzi chobiriwira ndi imodzi yokha, ndipo mayi amene inamunyamula ali ndi pakati ndi mmodzinso.

Mawa lake Selestina anandipatsa mapepala akumwetulira chamseri.

"Koma Thoko, Mayi X ameneyu, eeh! Anthu ofatsawa ndi oopsa."

"Ndi nkhani yongopeka," ndinanama.

"Ndamva, ndamva. Ine pakamwa panga ndi pa loko."

Loko wa Selestina anatha masiku atatu. Pofika tsiku la msika nkhani inali itazungulira m'mabenchi onse a tomato. Ubwino wake kwa ine, ngati ndingautche ubwino, unali woti Selestina poopa kutaya makasitomala sanatchule za mapepala anga. Ankangoti wamva kwa munthu wodalirika kuti Lufina waulula yekha.

Achimwene anabwera kuchokera kumsika maso ali psuu. Anaponya njinga pabwalo.

"Lufina! Tuluka undiuze. Mwana uja anali wa ndani?"

Alamu anatuluka m'khitchini manja ali ufa okhaokha. Anawayang'ana achimwene, kenaka anatembenuka n'kuyang'ana ine. Ine ndinawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chomwe chinali chomanga kale.

5

Patapita masabata angapo ankhoswe anakumana Lamlungu, anthu atatuluka m'tchalitchi. Kuchimuna kunali amalume athu a Silvester. Kuchikazi kunabwera atsibweni a alamu kuchokera kufupi ndi Nzama, bambo wokalamba amene anayenda ulendo wonsewo panjinga.

"Nkhaniyi yachokera kuti?" anafunsa atsibweni aja. "Mlandu uli ndi mwini wake. Amene anamva mwana wathu akuulula aime pano timuone."

Palibe amene anaima. Ine ndinali nditakhala pambali pa amayi, ndipo m'chikwama changa munali kalata ya bungwe lija yondiitana ku Lilongwe Lachinayi kuti akandifunse mafunso omaliza. Ndinkadziwa kuti ndikangotsegula pakamwa, nkhani ikafika ku bungwe lija kuti ndinaulula chinsinsi cha munthu amene ndinkamuthandiza, ndipo South Africa ndidzangoiona pa mapu.

"Mwamuna wanji amatseka golosale tsiku la malonda chifukwa cha mkazi wa mwini?" anatero achimwene. "Ndipo bwanji chichitikireni zija sandiyang'ana kumaso? Afotokoze zimene zinachitika m'galimoto muja."

"Tayankhulani, mayi," anatero amalume mofatsa. "Munali awiriwiri kuchokera kuchigayo mpaka kuchipatala. Chilipo chimene mukubisa?"

Alamu anadzutsa mutu. "Sindinachite chigololo," anatero, mawu ali pansipansi.

"Nanga chimene ukubisa n'chiyani?" anatero achimwene.

Alamu anawerama. Anangoyang'ana zala zawo. Kwa anthu onse pabwalopo, kukhala chete kumeneko kunali kuvomera. Ndikuuzeni zoona, ine mtima unakhala pansi. Ndinadziuza kuti kabuku kanga sikananame, ndipo ngati ndalakwa ndalakwa pongofulumizitsa choonadi.

Banja linatha tsiku lomwelo. Alamu anamanga katundu wawo m'zitenje ziwiri. Podutsa pamene ndinaima anati, "Mutsale bwino, aphunzitsi." Ulendo uno sananditchule alamu. A Nasoro nawo sizinawathere bwino. Anthu anasiya kugula pagolosale pawo, akazi awo a Fadila anayamba kuopa kupita kuchitsime, ndipo chaka chisanathe banja lonse linasamukira ku Manjawira. Ine Lachinayi lija ndinakhoza bwino kwambiri. Anati nkhani yanga inali yozama kuposa za anzanga onse.

6

Ku South Africa tinali ndi mphunzitsi wina, mayi wachikulire wosakonda kuseka. Mwezi woyamba anakhoma pabolodi chithunzi chojambulidwa ndi mwana, cha nyumba yopanda mawindo, n'kutifunsa tanthauzo lake. Ine ndinali woyamba kukweza mkono. Ndinafotokoza za mantha, za nkhanza za m'banja, za mwana wotsekeredwa. Anzanga ankagwedeza mitu.

"Mwanayu ndinamufunsa," anatero mayi uja. "Anati belu linalira asanajambule mawindo."

Kalasi yonse inaseka. Iye sanaseke.

"Pa ntchito ino tanthauzo la chithunzi lili ndi mwini chithunzi. Inu ntchito yanu ndi kufunsa kuti, tandiuzeni za chimene mwajambulachi. Mukayamba kulosera, mwasanduka asing'anga oombeza, ndipo tsiku lina mudzapweteka munthu."

Ndinatuluka m'kalasimo phunziro lisanathe. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti mwina ndinanamizira munthu. Koma kudziwa ndi kwina, kubwerera ndi kwina. Ndinamaliza sukulu, ndinapeza ntchito, ndinagula magalasi. Achimwene anakwatira mkazi wina. Ndikapita kumudzi pa Khirisimasi dzina la Lufina silinkatchulidwa, ndipo ine zinkandikomera choncho. Zinatero kwa zaka zisanu ndi zinayi.

Chimene chinandigwetsa ndi mayi wina amene anabwera kuchipatala kwathu atataya mwana. Ndikumuyalira pepala ndinayamba mawu anga a masiku onse, akuti zimene mujambule ndi zanu, palibe adzazione. Mawuwo ndinawalekezera pakati. Mayiyo ndi amene anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati ndili bwino. Loweruka lake ndinakwera basi ya ku Ntcheu, chithunzi chija chili mu envulopu.

7

Alamu ndinawapeza akupalira nyemba kuseri kwa nyumba ya amayi awo. Anali ataonda, tsitsi litayamba imvi. Sanakwatiwenso. Ndinamva pambuyo pake kuti amuna awiri anafunsirapo, koma abale awo atamva mbiri ya ku Tsangano anawabweza.

Anandiyalira mphasa, anandipatsa moni wonse bwinobwino, mpaka kufunsa za amayi. Ine ndinagwada pa dothi.

"Alamu, nkhani ija inachokera kwa ine. Ndinalemba, ndinapereka kotayipa."

"Ndimadziwa," anatero. "Chithunzi chija ndinaonetsa munthu mmodzi yekha."

"Nanga bwanji simunanditchule pabwalo paja?"

"Ndinkadikira kuti muima nokha."

Ndinatulutsa envulopu ija. Analandira pepala lija, analitambasula pamwendo n'kulisalaza ndi chikhatho. Ndipo ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo.

"Tandiuzeni za chimene munajambulachi."

Poyamba kuyankhula sankayang'ana ine, ankayang'ana pepalalo.

"Kuchipatala sitinafike nthawi yabwino. Mwana anabadwira panjira, pa mabulugama apa. Panalibe mzimayi aliyense, kunali tchire lokhalokha. Bambo aja anaimika galimoto, anafuna kuthawira kutali monga mwamuna ayenera kuchitira, koma ine ndinakuwa kuti ndikufa. Anabwerera. Anavula mkanjo wawo woyera n'kulandirira mwana, nkhope atatembenuzira kumbali, akupemphera m'chipembedzo chawo."

Analoza khanda la m'chithunzicho.

"Alamu, mwana uja analira. Sanabadwe wakufa ayi. Analira kawiri, ndinamumva ndi makutu angawa. Anali wamwamuna. Bambo aja ataona kuti mpweya ukuchepa anandifunsa kuti, mayi, dzina lake ndani? Ndinati Elson. Iwo anamuitana, Elson, Elson, mpaka anasiya kupuma ali m'manja mwawo."

Elson linali dzina la malemu bambo athu, otibereka ine ndi achimwene a Dyton.

"Azimayi atabwera anati ndi mtayo, usalire, alibe dzina. Ndikanati chiyani? Ndikanaulula pabwalo, pamaso pa amalume anu ndi atsibweni anga, kuti mwamuna wa eni anandiona ndikuchira? Tinapangana kuti za panjira zija zithere panjira pomwepo, ndipo iwo anasunga pangano mpaka golosale yawo inatha. Ndinkawajambula aakulu chifukwa pa dziko lonse lapansi ndi okhawo amene anamuitanapo mwana wanga dzina."

Ndinalira mpaka mamina. Iwo sanandiletse, komanso sananditonthoze. Nditatha anati, "Misozi yanu singanditsuke ine. Mukawauze achimwene anu. Adziwe kuti anali ndi mwana."

8

Ndinapita ku Tsangano tsiku lomwelo. Ndinaitana amalume a Silvester, amayi ndi achimwene, ndipo ndinanena zonse, kuyambira pa mphasa ya kuseri kwa nkhokwe mpaka pa kalata imene inali m'chikwama changa tsiku la ankhoswe. Amayi anafunda chitenje kumutu. Achimwene anaika manja pamaondo.

"Analira?" anafunsa.

"Kawiri, achimwene."

"Ndipo anamutcha dzina la bambo?"

"Eya."

Achimwene, bambo wamkulu uja, amene sindinamuonepo akugwetsa msozi ngakhale pa maliro a bambo athu, analira mokweza mpaka anthu oyandikana nafe anathamangira kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Amalume anawayankha kuti wamwalira Elson, mwana wa Dyton. Atatonthola, achimwene anandiyang'ana n'kunena kuti, "Thoko, nyamuka uzipita." Mpaka lero sanandiyankhulenso, ndipo sindiwadandaula.

Sabata yotsatira amalume ndi achimwene anapita kwa atsibweni a alamu kukapepesa, ndipo uthenga unalengezedwa m'midzi yonse iwiri kuti Lufina ananamiziridwa. Banja silikanabwereranso, poti achimwene ali ndi mkazi wina ndi ana atatu. Ku Manjawira ndinapita ndekha. A Nasoro anandimvetsera mpaka kumapeto, akuyeza shuga pasikelo, n'kungoti, "Mulungu ndiye amadziwa, mayi." Akazi awo a Fadila anakana kutuluka kudzandipatsa moni.

Inu owerenga, makamaka inu achinyamata amene mumandifunsa mmene mungayambire ntchito ngati yangayi, ndimakuuzani za masukulu ndi za mapepala ofunika, koma ichi sindinkakuuzani. Munthu akakutsegulirani mtima wake, zimene mwaonamo si zanu, ngakhale mutasintha dzina, ngakhale zitakhala zokutsegulirani khomo la mwayi. Ndipo musathamangire kumasulira misozi ya mnzanu musanamufunse. Ine ndinali ndi chekeni, kabuku ndi Chingerezi, koma funso limodzi lachidule linandikanika, ndipo mayi wina anakhala zaka zisanu ndi zinayi akutchedwa hule chifukwa chokumbukira munthu amene anamuchitira chifundo. Manyazi amenewa ndimadzuka nawo tsiku ndi tsiku.

Ndisanatumize nkhaniyi ndinapita nayo kwa a Nasoro, omwe anati ngati mwini wake walola iwo alibe mawu. Kenaka ndinakawawerengera alamu, mzere ndi mzere, ndipo ndinawafunsa ngati ndisinthe mayina.

"Langa musasinthe," anatero. "Munandibisa kale kamodzi, ndinaona zotsatira zake. Ndipo la mwana wanga mulilembe bwino, anthu aliwerenge."

Dzina lake anali Elson. Anabadwa pa mabulugama a msewu wa ku Tsangano m'chaka cha 2011, analira kawiri, ndipo anali mwana wa achimwene anga.